Mzere Wofiira pa Dzina la Sailasi

Pamudzi pathu, kuno ku Nyimba
Lamulungu masana

Yotamu mwana wanga,

Ndakhala m'chisakasa changa cha matabwa, pepala ndaliyala pa thabwa la mlombwa limene linatsala pa mabenchi a m'tchalitchi, ndipo ndikulemba dzuwa likali m'mwamba chifukwa maso anga anadana kale ndi nyali. Iwe uli panja apo ndi anzako, akukuseka za nsapato zatsopano zimene zikukuluma. Amai ako akukazinga nshawa za pa ulendo. Mailo Lolemba m'mawa ukwera basi ya ku Petauke kukayamba ukalaliki, ntchito yolemba za msonkho pa boma, ndipo mudzi wonse ukunyada ngati ntchitoyo apatsidwa ndiwo. Kalata ino ndiika pansi penipeni pa bokosi limene ndakukhomera, kunsi kwa bulangete. Ukaipeza uiwerenge uli wekha, ndipo uiwerenge usanatsegule buku la mudzi wathu.

Ndayesa mlungu wonse kuti ndikuuze pakamwa. Ine amene ndimalalikira mpaka anthu kusinza, mau ochepa awa andikanika. M'buku la msonkho limene uzikasunga, dzina la mkulu wako Sailasi lili ndi mzere wofiira, ndipo pambali pake analembapo kuti anamwalira. Ndikunena Sailasi yemweyo amene anabwera Lachitatu kuchokera kwa Mwape atanyamula tambala wokutsazikira. Amene anauza boma kuti wafa ndine, atate wako, mkulu wa mpingo. Iwe unali ku sukulu ya mishoni nthawiyo, ndipo mudzi wasunga pakamwa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwina unamvapo m'mphepo, koma lero wamva kwa mwini mlandu.

Usaganize kuti ndataya chiphunzitso. M'mawa uno unandimva m'tchalitchi ndikunena kuti boma tilipatse zake ndipo Mulungu timpatse zake, kuti Mkhristu sathawa msonkho, kuti olamulira tiziwamvera ndi kuwapempherera. Abusa amandipatsa ine mau amenewa chaka ndi chaka tikangokolola, akuti a Fanuwelo ndiwo amawadziwa bwino. Ndimawakhulupirirabe, ndipo ndikufuna iwenso uwagwire. Chimene sindinaphunzire ndi chakuti munthu uchite bwanji pamene za boma ndi za Mulungu zakhala m'thupi limodzi, munthu mmodzi wokhala ndi dzina m'buku ndi mpweya m'chifuwa. Pa thabwa ndimadziwa pocheka. Pa nkhani iyi ndinacheka kawiri ndipo kawiri konse ndinaphonya, ndiye ndikuuze momwe zinayendera kuti iwe usadzabwereze.

Kuphonya koyamba kunali chaka cha njala chija, titangosamuka ku Katete kudzafuna minda kuno. Malume ako Aliki, mlongo wa amai ako, anagulitsa mbuzi zake zonse kugula chimanga cha ana, ndipo msonkho unamudutsa zaka ziwiri. Tsiku lina mesenjala anatulukira pa njinga. Aliki atamuona patali anakwera m'nkhokwe yake, yomwe munalibe ngakhale chitsononkho, nadziphimba ndi mphasa. Mesenjala anafunsa nyumba ndi nyumba, ndipo aliyense anati munthuyo anapita ku Halale kale. Kenako anabwera kwa ine. Ndinali nditangoikidwa ukulu wa mpingo mwezi womwewo, ndikuvala jekete ngakhale popita kumunda, ndikudziona ngati lula wolembera mizere amene Mulungu anatumiza kudzawongola mudzi. Mesenjalayo anati, “Imwe a mpingo simunama. Ali kuti?” Ndinangotembenuza maso kuyang'ana kunkhokwe, ndipo mumtima ndinadziyamikira kuti sindinaname komanso sindinatchule kanthu. Anamutsitsa, namumanga chingwe m'chiuno ana ake akuona.

Aliki anakaphwanya miyala pa msewu waukulu miyezi itatu. Anabwerako ndi chifuwa, chouma, chomveka kutali usanamuone mwini wake, ndipo mvula isanagwe tinamuika. Matabwa kunalibe chaka chimenecho, choncho bokosi lake ndinakhoma ndi chitseko cha nyumba yake yomwe, chitseko chimene ndinamupangira ndine. Amai ako sanalire mokweza. Pobwera kumanda anandifunsa funso limodzi lokha: “Boma mwalipatsa zake. Nanga mlongo wanga anali wa boma?” Ndinawayankha ndi vesi, ndipo anakhala mwezi wathunthu akundiikira chakudya osandiyang'ana. Mpaka lero vesi lija sindinaligwiritsenso ntchito m'nyumba mwanga.

Ndiye Yotamu, akadzakubweretsera munthu wa chingwe m'chiuno, funsa usanalembe. Mufunse kuti chinamulepheretsa n'chiyani, kunyumba wasiya ndani, anadya liti. Umve ndi chifuwa chake chomwe. Sindikuti umasule amene bwana wamanga, mphamvu imeneyo sudzakhala nayo. Ndikuti zimene wamva uzinene kwa bwanayo zonse, chifukwa iye chinenero chathu amachimva theka, ndipo theka linalo lidzakhala m'kamwa mwako. Usadzanyadenso kuti sunaname pamene maso ako agwira ntchito ya pakamwa. Ine ndinayesa njira imeneyo, ndipo inathera kumanda.

Kuphonya kwachiwiri kunayamba tsiku limene kalaliki wina, wokhala pa mpando umene ukukhalapo mailo, anauza Sailasi kuti akweze mkono. Ndi mmene amadziwira kuti mnyamata wakula, ukaziona wekha: akapeza tsitsi kukhwapa, amulemba. Sailasi anali wamsinkhu koma akali mwana, ndipo ine ndinaima pomwepo ndikugwedeza mutu kuvomereza. Ndalama pamudzi pano inalibe pochokera, ndiye anatsika kumapulazi a fodya ku Halale monga anzake onse. Anakhalako zaka zitatu osatumiza kalata kapena msonkho. Atadwala anathawa nthawi ya pangano isanathe, chitupa chake n'kutsala m'manja mwa kapitawo, ndipo mbali yaikulu ya njira anayenda pansi. Ndinali ndikupala thabwa m'chisakasa muno pamene ndinamva munthu akutsokomola kunjira. Landa anandigwa m'manja, chifukwa chinali chifuwa cha Aliki chenicheni. Patangopita masabata awiri uthenga unafika kuti bwana wa pa boma ali pa ulendo ndipo agona pamudzi pathu.

Ulendo wa bwana ukaudziwa posachedwa, koma iwe uzikauonera kuseri kwa tebulo. Ife a kutsogolo kwa tebulo timauona chonchi. Timasesa mudzi masiku atatu, timalambula njira, timapaka zimbudzi dothi latsopano. Tebulo amaliika pansi pa mtengo, amuna timakhala pansi mbali ino, amai mbali inayo, mesenjala aima ndi chisoti chake chofiira, ndipo kalaliki aitana maina mmodzimmodzi. Tsiku limenelo Sailasi tinamugoneka m'kakhumbi ka kudimba, kutali kuti chifuwa chisamveke. Ndinalibe chimene ndinakonza choti ndikanene, Mulungu ndi mboni. Ndinkangoona chingwe, miyala, ndi chitseko china chimene ndidzachotsa pa nyumba. Kalaliki anaitana dzina la Sailasi kawiri. Anyakwawa anaweramitsa mutu. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, “Anamwalila, bwana. Ku Halale, pa pulazi.”

Mwa lamulo, chitupa cha wakufa chimabwezedwa, ndipo kalaliki anatambasula dzanja kuti ndimupatse. Ndinati sichinabwere. Anayamba kundifunsa za kalata ya imfa, ndani anabweretsa uthenga, mwezi uti. Bwana anamuletsa ndi dzanja, nalankhula Chingerezi, ndipo mesenjala anamasulira mokweza kuti onse amve. Bwana akuti mau a munthu uyu akwana, chifukwa ndi yemwe uja anaonetsa boma mlamu wake weniweni. Yotamu, mvetsa bwino pamenepa. Bodza langa analikhulupirira chifukwa cha Aliki. Malume ako anafa kuti ine ndikhale munthu wokhulupirika pa boma, ndipo kukhulupirikako ndinakugulitsa tsiku limodzi. Kalaliki anatenga lula ndi inki yofiira, nalemba mzere wowongoka bwino, naumitsa ndi kapepala.

Maina atatu okha atadutsa, anaitana mwana wa a Tembo, uja wakhala akusoka nsapato pamsika pa Nyimba. Nayenso anali wodwala chifuwa, nayenso anali ndi zaka zosalipira, ndipo atate ake, munthu wosabatizidwa amene ine ndinkamudzudzula za mowa, anangomunyamula pa mphasa n'kumuika patsogolo pa tebulo. Bwana anamuyang'ana, namumva akutsokomola, nauza kalaliki alembe kuti wamasulidwa ku msonkho mpaka atachira. Zinatha pomwepo, popanda chingwe. Lamulo lomasula odwala linalipo nthawi yonseyo, ndipo ine wodziwa kuwerenga, wolalikira za boma chaka chilichonse, sindinafunsepo. Ndinafuna kuimirira kuti ndibweze mau anga, koma inki inali itauma. Mwina Sailasi akanamufunsa za kuthawa pa pulazi, sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti a Tembo anapita kwawo ndi mwana wamoyo, ine ndinapita kwathu ndi wakufa.

Chifukwa chake malamulo amene ukaphunzire kumeneko usakawatsekere m'kabati. Ukafika pamudzi uziyamba wanena poyera kuti wodwala, wolumala ndi nkhalamba ali ndi njira yake, anthu asanayambe kubisana m'nkhokwe. Anthu athu boma amalidziwira pa chingwe chokha, ndipo mantha ndiwo amawanamitsa. Usamafulumirenso kukwezetsa ana a eni mikono. Funsa usanalembe, ndabwereza dala.

Pali munthu mmodzi pa boma amene akudziwa, ndipo ukamupeza akali pa ntchito, wakalamba tsopano. Ndi mesenjala amene anamasulira tsiku lija, Mnsenga wa kufupi ndi kwa Mwape, osati uja anamanga Aliki. Akatundu atamangidwa, anadutsa pakhomo pathu kupempha madzi. Amai ako atamupatsa chikho anawayang'ana kumutu, kumene tsitsi linali lonse, losametedwa monga achitira ofedwa. Anati, “Amai, tsitsi lanu lamela msanga.” Anamwa, nabweza chikho ndi manja awiri, napita. Zaka zonsezi sanatchulepo kwa munthu ndipo sanandipemphepo ngakhale kampando. Ndakhala ndikudzifunsa ngati iye anachimwira boma kapena anatumikira Mulungu, ndipo ndalephera kumuweruza. Ukamuona umupatse ulemu, umutche bambo, ngakhale iwe uli wa cholembera iye wa njinga.

Amai ako madzulo a tsikulo anandiuza kuti mwana wawo ndamuika m'manda ndi pakamwa. Kwathu kutchula wamoyo kuti wafa ndi kumulodza, ndipo iwo anakhulupirira kuti Sailasi sadzafika kumvula. Anasamukira kudimba, namusamalira miyezi inayi ndi phala ndi mazira ndi mapemphero amene ine sanandiitanepo. Sailasi anachira. Ndinayenera kuvina, ndipo ndinathokozadi, koma ndikuuza zoona kuti tsiku limene anatuluka kudimba akuyenda yekha ndinachita mantha kuposa tsiku limene anafika akudwala. Mulungu anali atandibwezera mwana, ndipo ine ndinalibe pomuika.

Munthu wofa m'buku amakhala bwanji, sunaganizepo chifukwa unkayesa mkulu wako ndi waulesi wosafuna kuona dziko. Popanda chitupa sangalembedwe ntchito ku migodi, kapena pa msewu, kapena m'sitolo. Basi saikwera, kuopa kufunsidwa pa njira. Akamva belu la njinga amalowa m'tchire ngakhale ali mwana wogulitsa nthochi. Anapita kukakhala kwa Mwape chifukwa ndi kutali ndi msewu, nakwatira kumeneko mwa mwambo, pakuti ukwati wa m'tchalitchi umafuna kulembedwa ndipo ine ndinamuletsa kuonetsa dzina lake pa pepala lililonse. Nkhani itafika ku bwalo la akulu a mpingo kuti mwana wa mkulu watenga mkazi kunja kwa mpingo, anamuchotsa pa mgonero. Ine ndinali m'bwalomo. Atafunsa ngati pali wotsutsa, ndinayang'ana pansi, ndipo anzanga anandiyamikira kuti a Fanuwelo sakondera ngakhale mwana wawo. Motero ndinamuchotsa m'buku la boma ndi pakamwa, ndi m'buku la mpingo ndi kukhala chete.

Kuyambira pamenepo mgonero ndimaugawa koma sindiudya. Chikho ndimachifikitsa pamilomo n'kuchipereka kwa wotsatira, mkate ndimaufumbata mpaka kunyumba n'kupatsa nkhuku. Palibe waona, kapena aona n'kusunga monga asungira zinazo. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndavumbwa zaka zisanu ndi ziwiri pakati pa boma ndi tchalitchi ndikuuza ena pobisala. Iwe usadzakhale choncho. Ukachimwa, pita kwa abusa mlungu womwewo, bodza lisanabale ana. Lamulungu uzipita kukapemphera ngakhale anzako a pa boma akuseke, ndipo ukhale kumbuyo. Mipando ya kutsogolo ndaipanga ndine ndipo ndaikhalira, ndikudziwa zimene imachita ndi mutu wa munthu.

Ukudziwanso nyengo imene ukulowera ntchitoyi. Chibwerere boma la Chitaganya, anyamata sakufunanso kumva za kumvera. Amabwera m'chisakasa muno n'kundifunsa kuti msonkho wathu ukumanga chiyani kuno, pamene misewu yabwino ndi nyumba zazitali zikumera ku Halale. Amati boma limene sitinalivomere tingalipempherere bwanji. Ndimawayankha kuti Ambuye analipira msonkho kwa boma la alendo lomwe, koma mau anga amatuluka opanda mafupa ndipo iwo amamva. Mwina akunena zoona, ine sindidziwanso. Ndamva kuti kwina ayamba kutentha zitupa poyera. Nditamuuza Sailasi anaseka mpaka misozi, nati kapepala kamene anzake akutentha iye angakagwadire. Iwe anyamatawo adzakutcha wogulitsa anthu, ndipo ukalowa pamene akucheza adzakhala chete. Usawabwezere. Usatengenso zimene wamva pa maliro kapena m'tchalitchi kupita nazo kwa bwana. Anakulemba kuti usunge buku, sanakulembe kuti ukhale khutu lake. Nkhuku ya pa ulendo usalandire, ndipo msonkho wako uzilipira woyamba, pamzere, anthu akuona.

Tsopano za Lachitatu. Sailasi sanabwere kudzakutsazika chabe. Mwana wake woyamba wafika poyamba sukulu, ndipo aphunzitsi afunsa chitupa cha atate ake. Munda wa kwa apongozi ake wachepa, ndipo akufuna kupita ku migodi monga amuna anzake. Iwe utapita kukatunga madzi ndi anzako, mlamu wako, mkazi wa Sailasi amene anabwera naye, anagwada kuseri kwa nkhokwe, atandifulatira monga mwa ulemu, nalankhula kwa amai ako koma mokweza kuti ndimve ine. Anati, “Afunseni apongozi aniuze. Ine nili pa ukwati, kapena nine wamasiye?” Sailasi anamuletsa, kenako anandiuza maganizo ake. Akuti mng'ono wake akakhala pa buku, amulembe mwakachetechete ngati mlendo wosamukira kwa Mwape kuchokera kwina, ndi dzina lina la atate, apatsidwe chitupa chatsopano, nkhani ithe. Anati akupatsa mwezi umodzi kuti uzolowere, kenako adzakutumizira uthenga. Sanalankhule mwaukali, ndipo zimenezo ndizo zinandipweteka. Zaka zonsezi sanandifunsepo kuti ndinachitiranji.

Usachite zimenezo, Yotamu. Ndikudziwa kuti udzafuna, chifukwa ndi iye amene ankakubereka kumsana powoloka mtsinje popita kusukulu. Koma ukalemba dzina labodza, bodza langa lasanduka lako, ndipo likadzaululika wopita kundende ndiwe, wa zaka makumi awiri. Dzanja lako lisalembe bodza, ngakhale la chifundo. Langa linali la chifundo, ndipo waona kumene latifikitsa. Ukangokhala chete, udzatsegula bukulo chaka ndi chaka, udzadumpha mzere wofiirawo pamaso pa mudzi wonse umene ukudziwa, ndipo udzakhala ine wachiwiri. Ukandinenera kwa bwana, wachita zimene unalumbira, koma amai ako adzakhala ataona mwamuna wawo akupereka mlongo wawo ndi mwana wawo akupereka atate ake, ndipo sindikhulupirira kuti mtima wawo ungasenzenso zimenezo. Ndazungulira njira zitatuzi kuyambira tsiku limene kalata yako ya ntchito inafika. Anthu akuvina pabwalo paja, ine ndinali muno ndikunola sowo wakuthwa kale. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma pakhomo pano wadya ndi mkulu ndipo zikupota ana.

Njira yachinayi ndi ya ine ndekha, ndipo ndinayenera kuiyenda kale. Mlandu suola. Mabenchi a m'tchalitchi atsala awiri, ndiwamaliza Lachitatu. Lachinayi ndipita kwa abusa kukatula ukulu ndi kuwauza chifukwa chake, ndi kupempha kuti nkhani ya Sailasi aionenso. Lachisanu m'bandakucha ndikwera njinga, ndipo ngati miyendo ilola ndidzagona kufupi ndi Petauke, kuti Loweruka m'mawa ndikaime pamzere pa boma. Zipangizo zanga ndazimanga m'thumba, amai ako adzazitumiza kwa Mwape. Sailasi ali ndi dzanja la matabwa kuposa iwe, usakwiye, iwe msomali umauopa. Njinga idzatsala kwa iwe, uigulitse ndi kuyamba kulipira msonkho wa Sailasi wa zaka zotsalira.

Sindikukulonjeza kuti zidzatha bwino. Ine adzanditsekera, ndipo ndi msinkhu uno sindidziwa ngati ndidzatulukamo ndikuyenda. Sailasi mwina adzamufunsa za pulazi ndi za zaka khumi, ndipo angathe kumva chingwe chimene ndinamubisira. Anyakwawa adzafunsidwa chifukwa chimene anaweramitsira mutu. Iwe mwina bwana adzati mwana wa wabodza sangasunge buku, n'kukubweza ndi bokosi lako mlungu woyamba, sukulu yonse ija n'kupita pachabe. Ndaziona zonsezi, ndipo mtima wanga ulibe mtendere ngakhale pang'ono. Ndapemphera ndipo kumwamba kuli zii. Sindikupita chifukwa ndalimba mtima kapena chifukwa ndikuyembekeza mphotho. Ndikupita chifukwa pa anthu atatu ife, amene anatsegula pakamwa pansi pa mtengo paja ndine, ndipo sindingalole kuti mmodzi wa inu akatseke m'malo mwanga. Amai ako ndawauza dzulo. Anatulutsa jekete langa lija n'kuyamba kulisoka pa chigongono.

Ndiye mvera malangizo otsiriza, ndipo awa usawaphonye. Usathamangire kwa bwana kukandichonderera ndisanafike, ndipo usanditumizire uthenga wondibweza, sindidzabwerera. Ukandiona pamzere usaimirire, usandipatse mpando, usandilowetse patsogolo pa amene anafika kale. Nthawi yanga ikakwana undifunse dzina ndi mudzi monga ufunsira wina aliyense, ndipo bwana akafunsa ngati ukundidziwa unene zoona, kuti ndine atate wako ndipo nkhaniyi waimva mlungu uno. Mau anga uwamasulire onse, osachotsapo, osakometsa. Ngati misozi ibwera, uilole igwe pansi, osati pa buku la eni.

Udzandifunsa kuti mwabwera ndi nkhani yanji, bambo. Ine ndidzati ndabwera kudzanena kuti mwana wanga Sailasi ali moyo. Zimene zidzatsatire ndi za boma, lichite nazo monga lifuna. Koma mau amenewo ndakhala nawo pakhosi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndikufuna alembedwe ndi dzanja la mng'ono wake. Ulembe dzina lake lonse, pamodzi ndi langa pambuyo pake, ndi inki yakuda.

Mulungu akusunge kumene ine ndinalephera.

Ndine atate wako,
Fanuwelo